Kupatula Fenelo

Tiyi wa madzulo anamwera pakhonde chifukwa m'nyumba munali motentha. Amayi anakhala pampando wawo, kapu ili m'manja onse awiri. Mzime, mwana wawo wamkazi womaliza, ankadula buledi. Amalume, mlongo wawo wa Amayi amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo, anali atabwera ndi kapu yawoyawo monga mwa masiku onse, ati makapu a pano ndi aang'ono. Panalinso Chisamba, mwana woyamba, dalaivala wa basi, amene anafika m'mawa kuchokera kutauni. Iye yekha sankamwa. Ankangoyang'ana bala limene linali pachipumi pa mayi ake.

"Ukundiyang'ana," anatero Amayi.

"Mwadziwa bwanji?"

"Sipuni yako sinalire. Imwa tiyi, bala silithawa."

Maso a Amayi anayamba kuchita mdima chaka chatha. Adokotala anati ndi shuga. Tsopano ankangoona kuwala ndi zithunzithunzi za anthu. Masiku apitawo anadzuka okha kuti apite kudimba, n'kugwera mu ngalande, mutu n'kugunda pamwala. Mzime ndiye anaimbira foni mchimwene wake, pakuti Mzimeyo anali atapeza ntchito ya utelala ndipo ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Chisamba anabwera ndi mawu amodzi okha: Amayi asamuke, akakhale naye kutauni.

"Chipinda takonza kale," anatero. "Mpongozi wanu wapaka ndi penti yomwe. Madzi ndi a pampopi, m'nyumba momwemo. Kulibe ngalande."

"Kulibenso dothi."

"Tidzakuikirani maluwa m'chitini pawindo."

"Ha! M'chitini! Ine amene?"

"Nanga chikukugwirani kuno n'chiyani, Amayi?"

"Dimba langa."

Chisamba anapukusa mutu. Sanali munthu waukali, koma mantha anamutalikitsa lilime. "Dimba lake liti? Ndinapitako masana. Bedi lalikulu lija la fenelo lasanduka tchire. Zamera mothithikana ngati tsitsi la munthu wosapesa. Ngati n'limenelo likukugwirani, lakutayani kale."

Amalume anatsamwa ndi tiyi. Mzime anasiya mpeni n'kuyang'ana pansi.

Fenelo anali mbewu imene Amayi ankadziwika nayo. Anthu ambiri kumeneko sankamulima. Masamba ake ndi opyapyala ngati ulusi, ndipo kunsi kwake, pamwamba penipeni pa dothi, amatupa n'kuyera ngati anyezi wokana kulowa pansi. Akasiyidwa amatalika kuposa munthu, n'kuchita timaluwa tachikasu tokhala ngati ambulera. Ophika a kuhotela ankamukonda, ndipo ankachita kubwera okha kudzamutenga. Amayi ankalimanso katsabola, koma nthawi zonse kumapeto ena a dimba, kutali ndi fenelo.

"Achimwene," anatero Amayi pang'onopang'ono, "ine ndili kuchipatala munafesa ndinu. Tanenani."

Amalume anakanda m'mutu. "Achemwali, nkhani yake ndi ya botolo. Ndinapeza mabotolo awiri a njere, onse osadzaza. Ine ndimafuna poika misomali. Ndiye ndinati, aa, njere ndi njere."

"Munathira pamodzi?"

"Ndinagwedezanso, kuti zikhale bwino."

"Njere ya fenelo ndi yaitali, yopindika, ya timizere. Ya katsabola ndi yaphwatalala ngati nsikidzi. Inu maso muli nawo awiri!"

"Magalasi ndinali nditaiwala."

"Ndiye nonsenu munangokhala chete?"

"Timaopa kukudandaulitsani," anatero Mzime.

Amayi anaika kapu pansi. "N'chifukwa chake mphepo imandibweretsera katsabola kuchokera kolakwika. Tsiku ndinagwa lija ndimakafuna zimenezo. Ndimayesa mutu wanga wayamba kusokonekera." Anatambasula mwendo. "Mzime, nsapato zanga."

"Amayi, dzuwa lapendeka," anatero Chisamba.

"Dzuwa ndi lanu inu. Ine ndilibe nalo ntchito. Tiye."

Anatsika onse anayi, Amayi atagwira mkono wa Mzime. Pa ngalande Chisamba anafuna kuwanyamula, iwo n'kumumenya padzanja. Anadutsa nyemba ndi anyezi mpaka pa bedi lalikulu. Zomera zinali zitafika m'mawondo, zonse zobiriwira, zonse za masamba a ulusi, zikugwedezeka ndi kamphepo. Kwa munthu woyang'ana ndi maso, zinali mtundu umodzi.

"Mwaona?" anatero Chisamba, n'kuzindikira mawu ake mochedwa. "Ndikutanthauza kuti... zisiyeni zikule pamodzi."

"Sizingatheke. Katsabola ndi wothamanga. Amupitirira mnzake, amuphimba, amudyera madzi, ndipo fenelo akathithikana satupa. Akachitanso maluwa nthawi imodzi, njuchi zimasakaniza. Njere zake sudziwa kuti ndi mwana wa yani."

"Ndiye tizule zonse, tisankhe, tiwokerenso."

"Iwe ndi dalaivaladi. Fenelo si wokwera basi woti utsitse apa ukwezenso apo. Muzu wake ndi umodzi, wautali, wolowa pansi ngati msomali wa amalume akowa. Ukaudula amakwiya. Amangothamangira kuchita maluwa, kunsi osatupa. Wochoka ndi katsabola. Fenelo asagwedezeke."

"Ndani angasiyanitse zimenezi?"

"Achimwene, tengani kheni munyowetse bedi lonse. Imeneyo ndiye ntchito mungaithe."

Amalume anathamanga ngati mwana wothawa chikwapu. Dothi litafewa, Amayi anakwinya chitenje n'kugwada kumutu kwa bedi. Anagwira chomera choyamba, anafikisa tsamba pakati pa zala, ananunkhiza.

"Uyu ndi wanga. Fungo lotsekemera, ngati mankhwala a chifuwa a ana." Anagwira china. "Uyu ndi mlendo. Amabaya m'mphuno." Anapanikiza dothi ndi dzanja lamanzere kuti muzu wa fenelo usasunthe, n'kuzula katsabola ndi lamanja. Anaponya kumbuyo osatembenuka.

Ntchito inayamba kuyenda. Kufikisa, kununkhiza, kuzula. Kufikisa, kununkhiza, kusiya. Mzime ankatola zozulidwa n'kuunjika panjira. Kumbuyo kwa Amayi bedi linayamba kupuma, ndipo fenelo anaonekera mmodzimmodzi, aliyense ndi malo ake. Chisamba anaima manja ali m'matumba.

Atayandikira pakati pa bedi, Amayi anayamba kuchedwa. Ankanunkhiza kawiri, katatu. Anapukuta zala pa chitenje, n'kununkhizanso. Kenaka anazula chomera china, ndipo chinalimba potuluka. Chinatuluka ndi muzu woyera, wautali kuposa chikhatho, kunsonga kwake kutaduka.

Amayi anayendetsa chala pa muzuwo kuyambira kumwamba mpaka podukapo.

"Ndapha wanga," anatero motsitsa mawu.

"Ndi mmodzi yekha, Amayi," anatero Mzime.

"Mphuno yakhuta. Zala zikununkha zonse ziwiri. Sindikumvanso kanthu."

Chisamba anagwada pambali pawo. Mawu ake anali ofewa tsopano. "Amayi, mwayesetsa. Palibe amene akuseka. Tiyeni kunyumba. Kutauni sikundende."

Amayi anakhala chogwada, chomera chakufacho chili pamiyendo pawo, thukuta likutsikira pa bala lija. Zala zawo zinkangoseweretsa chomeracho monga amachitira munthu amene maganizo ake ali kutali. Zinatsika m'masamba, zinatsika m'mapesi, mpaka pamene chomera chimakumana ndi muzu. Pamenepo zinaima.

"Tandipatsa katsabola mmodzi pamuluwo."

Mzime anawapatsa. Amayi anagwira awiriwo, wina dzanja ili, wina dzanja ilo, n'kumapapasa kunsi kwake. Nkhope yawo inayamba kumasuka.

"Chisamba, bweretsa dzanja." Anagwira chala cha mwana wawo n'kuchiika pa tsinde. "Ukumva chiyani?"

"Kamtengo."

"Kobulungira, kamodzi, koterera. Tafinya."

"Kaphwanyika. N'kobooka m'kati."

"Ngati bango. Ameneyo ndi katsabola. Tsopano gwira uyu."

Chisamba anapapasa. "Uyu ndi waphwatalala kunsiku. Mapesi ake akuchita ngati... akukumbatirana."

"Eya! Lina likuchokera uku, lina uku, kuvundikirana ngati manja a munthu wopempha. Pamenepo ndi pamene adzatupire. Kumutu amanamizana, koma kuphazi sanganame. Zaka zonsezi ndimangodalira maso, osadziwa kuti zala zimaona kale." Anaseka koyamba tsiku limenelo. "Choka apo, ukunditchinga."

Sananunkhizenso. Manja onse awiri analowa pansi pa masamba, n'kumayenda pamwamba pa dothi lonyowa ngati nkhuku zofukula. Chobulungira, kunja. Chaphwatalala, khala. Anayamba kufulumira kuposa poyamba, mpaka Mzime anapempha amalume kuti amuthandize kutola.

"Achemwali, pang'onopang'ono! Msana wanga!"

"Pogwedeza botolo msana unali kuti?"

Chisamba anayesa kuthandiza kumbali ina ya bedi. Anapapasa, anakayika, anapapasanso, n'kuitana. "Amayi, uyu nanga?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Usazule usanatsimikize. Musiye, ndifika."

Anafikadi. Anayenda ndi mawondo mpaka kumapeto kwa bedi, chitenje chitadetsedwa ndi matope, ndipo atazula womaliza anabwerera m'mbuyo akusisita fenelo aliyense, kuona ngati pali mlendo wotsala. Anapeza awiri obisala, n'kuwachotsa. Kenaka anakhala pansi pa mzere, miyendo atatambasula.

"Tsopano woweruza alawe," anatero. "Chisamba, tafuna. Yamba ndi muluwo. Ukapeza wotsekemera pamenepo, kupatula uja ndamupha ndekha, ndikwera basi yako mawa."

"Amayi, sikofunika..."

"Tafuna!"

Chisamba anatola tsamba pamulu, anatafuna, anakwinya nkhope, analavula. Anatola lina pansi pa mulu, lina pakati, lina kumbali. Amalume ankamusankhira, ati tenga ili likuoneka lokayikitsa. Lililonse linali lobaya lilime. Kenaka analowa m'bedi n'kumabudula nsonga za zotsala, apa ndi apo, mpaka kumapeto. Lililonse linali lotsekemera.

"Nanga?" anafunsa Amayi.

"Lilime lachita dzanzi."

"Sindinafunse za lilime."

Chisamba anayang'ana bedi. Fenelo anaima m'mizere yokhotakhota, monga anafesera amalume, koma aliyense payekha, masamba ake a ulusi akuwala ndi dzuwa la madzulo. Anayang'ananso mayi ake, matope mpaka m'zigongono, akumwetulira kumene kunkachokera mawu ake.

"Penti ija yapita pachabe," anatero.

Mzime anakuwa n'kuyamba kuvina panjira pomwepo, katsabola ali m'manja. Amalume anavula chipewa n'kuchiponya m'mwamba, chinakagwera mu anyezi.

"Mukuona?" anatero amalume. "Ndikanapanda kusakaniza, bwenzi achemwali akupakira katundu. Mundithokoze."

"Ndikuthokozani ndi khasu," anatero Amayi. "Ndidzutseni."

Chisamba anawadzutsa, ndipo sanawasiye msanga. "Koma mundimvere chimodzi. Pa ngalande ndiika matabwa, ndipo ndimanga waya kuchokera pakhomo mpaka kuno, woti muzigwira poyenda. Mzime akapita kuntchito, amalume azikhala pafupi."

"Matabwa ndalola. Waya ndalola. Amalume akowa azikhala pafupi ndi ine, koma kutali ndi mabotolo." Anamusisita patsaya n'kumusiyira matope. "Ukamuuze mpongozi wanga kuti ndibwera kudzacheza fenelo akatupa. Ndidzamubweretsera wamkulu kuposa onse, ndidzagonenso m'chipinda chakecho."

Anabwerera kunyumba atasenza katsabola, fungo lake likuwatsata. Tiyi wa Chisamba anali akadali pakhonde, ntchentche itagweramo. Anapempha tiyi wina, n'kumwa makapu awiri.

M'mawa mwake Mzime anapita kuntchito, atanyamula mitolo ya katsabola yoti akagawire anzake. Chisamba anali pa ngalande ndi sowo, pensulo ili kukhutu, akukangana ndi amalume za kutalika kwa thabwa. Amayi anali atafika kale pa bedi. Anagwada ndi kakhasu kakang'ono, n'kumakokera dothi kuphazi kwa fenelo aliyense, kuti potupa adzayere bwino osapsa ndi dzuwa. Akamaliza mmodzi ankapapasa kufuna wotsatira.

"Achimwene!" anaitana osadzutsa mutu. "Thabwalo musiyireni mwini wake. Bweretsani madzi, kuno kwauma."

Amalume anatola kheni n'kulunjika kuchitsime.