Gemu Yodikira Munthu

"Dinani, alamu, musaope! Chilombocho sichikulumani mpaka mutasankha chochita," anatero Lumo, atakhala pamkono wa sofa.

Adalaivala anayang'ana chala chawo chachikulu chakumanja ngati ndi cha munthu wina. Chinanyamuka mwaulesi, n'kuphonya batani, n'kubwereranso, kenaka n'kudina. Pa TV msilikali wawo anatukula lupanga n'kutema chinjoka cha mitu iwiri.

"Mwaona? Dzanja lili bwinobwino ili, likungochita manyazi."

"Iwe Lumo, ine ndine munthu wamkulu. Zidolezi ukapatse makasitomala ako," anatero Adalaivala. Koma padi, kachipangizo ka mabatani kaja, sanaisiye.

Bamboyu anayendetsa basi zaka makumi awiri ndi ziwiri osagunda ngakhale nkhuku. Kenaka m'mawa wina sitiroko inawagwetsa m'bafa. Pakamwa panawongoka, mwendo unabwerera, koma dzanja lamanja linatsalira m'mbuyo. Bwana wa kudepoti anachita chifundo, nati awasungira malo mpaka kutha kwa mwezi, bola akapambane mayeso a chiwongolero. Adokotala a mafizo, olimbitsa ziwalo, anati zala zizigwira ntchito tsiku ndi tsiku, n'kuwapatsa kampira kofinya. Kampirako Adalaivala anakagenda kuseri kwa kabati tsiku lachitatu. Mpamene akazi awo, omwe anali telala, anapempha mlongo wawo wometa tsitsi, amene aliyense ankangomuti Lumo, kuti abweretse makina a magemu omwe makasitomala ankaseweretsa podikira lumo.

"Muli magemu oposa makumi atatu umu," anatero Lumo, akuyendetsa zithunzi pa TV. "Onsewa inuyo mumasanduka munthu wa m'nkhanimo. Umu ndinu mfiti ya kusukulu. Umu ndinu wakuba mumzinda wa maloboti. Umu mumayendetsa chombo cha m'mlengalenga. Umu ndinu mlimi, mumadzala kabichi, mumaweta nkhosa, mumafunsira akazi a m'mudzi..."

"Imeneyo ayi!" anakuwa Atelala kuchokera pamashini yosokera.

"Achemwali, nsanje mpaka pa TV?"

Adalaivala anaseka, kuseka kwawo koyamba m'miyezi inayi. Atelala anaimitsa mashini, n'kuitanira mlongo wawo kukhitchini.

"Magemuwa onse ndi odikira munthu chonchi?" anafunsa monong'ona.

"Ayi. Alipo a mitundu iwiri. Ena mumamenyana mopatsana mpata, iwe kaye, kenaka mdani. Ena ndi a moto, ukangochedwa pang'ono wafa."

"A motowo uwabisire. Uwaikire okhawo odikira."

"Achemwali, kumeneko si kuwanamiza?"

"Iwe sunawaone akulira m'bafa. Chita zimene ndakuuza."

Lumo anachitadi zomwezo. Magemu asanu ndi awiri odikira anawaika pamwamba, enawo n'kuwakankhira pansi penipeni pa mndandanda.

Abale, munthu uja anadzuka! Masabata atatu anali pasofa kuyambira m'mawa, padi m'manja, lilime panja. Anapulumutsa mwana wa mfumu. Anatsogolera gulu la asilikali anayi kudutsa chipululu, ndipo aliyense anamupatsa dzina la kondakitala amene anagwirapo naye ntchito. Mdani aliyense ankaima duu, kudikira chala chija chifike pabatani, ngakhale chitatenga mphindi yathunthu.

"Mayi, tabwerani muone," ankaitana. "Chimphona chija chagwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha!"

Atelala ankabwera, singano kukamwa, n'kuombera m'manja. Mumtima ankaopa, koma ankadziuza kuti mwina dzanjalo likubwereradi. Lachinayi Adalaivala anaimbira foni bwana wa kudepoti ndi mawu a munthu wachira: Lolemba akubwera kumayeso, basi yawo aipukute.

Loweruka masana Atelala anapita kukapereka madiresi a ukwati. Adalaivala anatsala okha, magemu asanu ndi awiri aja atawatopetsa. Anatsika mndandanda, kutsika, kutsika, mpaka anapeza ena amene sanawaonepo.

"Ah, Lumo kuumira! Zabwinozi wabisa kuno?"

Anatsegula ya wakuba wa mumzinda wa maloboti. Asanadziwe n'komwe kumene mdani wachokera, munthu wawo anali chigonere pansi. Anayesanso. Anafanso. Anatsegula ya mlenje wa zilombo, ndipo nkhandwe wamba inawadya kasanu ndi kamodzi pamalo amodzimodzi.

"Izi ndi za anyamata," anadziuza. "Ine sindine wankhondo, ndine dalaivala."

Ndiye anapeza ina yowayenera. Munthu wake anali wamalonda woyenda m'mizinda, ndipo ntchito yoyamba inali kuyendetsa ngolo ya mahatchi awiri kudutsa pamsika. Dzanja lamanzere lowongolera, batani lakumanja loimitsira. Adalaivala anakhala tsonga, msana wowongoka ngati ali pampando wa basi. Anakhota pakona yoyamba bwinobwino, mpaka anayamba kuimba mluzu.

Mayi wina wosenza dengu anatulukira kuseri kwa benchi ya nsomba n'kulowa mumsewu.

Anamuona. Anamuona patali ndithu, monga diso la zaka makumi awiri ndi ziwiri limaonera. Mutu unati ima. Chala chinanyamuka m'mene chimanyamukira, mwaulemu, mosafulumira, ndipo chinafika pabatani ngolo itadutsa kale. Zipatso za m'dengu zinamwazika mumsewu wonse.

Anayambiranso. Tsopano ankadziwa pamene mayiyo atulukire, ankadziwa ndi nthawi yake, koma anamugundabe. Kachitatu anayala chala pabatani asanafike n'komwe pabenchi ya nsomba, ngolo inaima, mayiyo anawoloka. Asanapume, galu anadumphira kutsogolo, pamalo pamene sanayembekezere. Anayambiranso kakhumi ndi kawiri, ndipo sanafike kumapeto kwa msikawo ngakhale kamodzi osapweteka chamoyo.

Atelala atalowa anapeza TV ikuonetsa dengu lili chadodolido mumsewu, amuna awo ali phee, padi ili pansi. Anazindikira nthawi yomweyo. Chikwama chinawapulumuka m'manja.

"Bambo, imeneyo ndi gemu chabe."

"Munadziwa?"

"Ndinkafuna museke, bambo. Ndinkafuna mudzuke."

"Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere," anatero Adalaivala, osakweza mawu. Kukanakhala bwino akanakalipa. "Masabata atatu ndikukuitanani kuti muone ndapambana, inu n'kumaomba m'manja ngati mukuombera mwana woyamba kuyenda."

"Mayesowo mwina mukhoza. Amangokuzungulitsani pabwalo la depoti, palibe anthu pamene paja."

"N'zimene zikundiopsa. Ndikhoza kupambana. Woyesayo ndi mnzanga, tinayambira limodzi ntchito, adzayang'ana kumbali. Ndiye Lachiwiri andipatsa anthu makumi asanu ndi limodzi, n'kudutsa nawo pasukulu ija ana akuweruka. Pamenepo palibe kuyambiranso, mayi."

Atelala anakhala pamkono wa sofa n'kuyamba kulira. Ankalirira ntchitoyo, ankaliranso chifukwa ankadziwa kuti munthuyu alibe china chimene amachidziwa padziko lapansi kupatula chiwongolero.

"Nanga muzitani?" anafunsa.

"Kaya."

Kanyimbo ka pamsika wa m'gemu kankangobwerezabwereza. Kenaka Adalaivala anatulutsa foni m'thumba la malaya. Anayesa kudina nambala ya bwana wa kudepoti ndi dzanja lamanja, chala chinaphonya kawiri. Anaisinthira kumanzere.

"Bwana, ndine. Ayi, ndili bwino. Za Lolemba zija... basiyo mupatse wina."

Uko kunamveka mawu ambiri, ochonderera, oti aganizenso, oti mwezi sunathe. Adalaivala anangomvetsera, maso ali padzanja lomwe linali pabondo.

"Ayi, bwana, musandidikire," anatero, n'kudula foni.