Belu la pa Ngalande

Valentin anafika kutada. Njira inali yopapatiza: kumanzere thanthwe, kumanja phompho, pakati madzi akuyenda m'ngalande ya matabwa. Chimene chinamulondolera ndi belu. Ngo! Ngo! Osalekeza.

Tauni ya Bozen anali atatopa nayo. Ya Innsbruck chimodzimodzi. Zipinda za lendi, popanda womufunsa kuti wadzuka bwanji. Ndiye anamva kuti a Kassian, mlonda wa ngalandeyi, maondo awathera ndipo akufuna wowalowa m'malo. Malowo ankawafuna ndi mtima wonse.

Pakhomo pa kanyumba kawo, a Kassian anamuunika ndi nyali, kuyambira kumapazi.

"Nsapato zovinira zimenezi? Talowa, usanagwere m'minda ya eni."

Anadya buledi wouma ndi nyama yankhumba yowamba. Kuseri kwa khoma madzi ankazunguza kagudumu, kagudumu n'kumakweza nyundo, nyundo n'kumamenya belu.

"Silipuma limeneli, bambo?"

"Akazi anga amenewo. Kulongolola, koma sanandithawepo." Anaseka okha. "Kagone. Za ntchito tikamba mawa."

Tulo sitinabwere. Ngo! Ngo! M'mutu mwenimweni. Cham'bandakucha Valentin anatuluka, navula sokosi, nakulunga nyundo ija. Kunja kunangoti zii. Anagona ngati khanda.

Anadzidzimuka chitseko chikumenyetseka ndi mphepo. Pabedi la a Kassian panalibe munthu. Nyali panalibenso.

Anakawapeza kumtunda, akukwawa pathabwa lonyowa pamwamba pa phompho, ali ndi malaya ogonera okha, akufunafuna pamene ngalande yagumuka. Madzi ankayenda bwinobwino.

"Bambo! Sikunagumuke. Belu lija ndalimanga ndine."

A Kassian anabwerera chafutambuyo, pang'onopang'ono. Anakhala pamwala, wefuwefu, bondo likuchucha magazi.

"Belu likaleka kulira ndiye kuti madzi athawa. Akathawa amakokolola munda wa munthu, mwina ndi nyumba yomwe." Sanakalipe. Bola akanakalipa. "Iwe kukati zii umagona. Ine kukati zii ndimadzuka."

"Ndikhoza kuphunzira, bambo."

"Mwina. Koma osati pa ngalande yanga."

Khofi a Kassian anamuphikira ndithu. Anamuikiranso buledi m'chikwama, osamuyang'ana kumaso.

Dzuwa lisanafike m'chigwa, Valentin anali kale panjira. Sanatsikire ku tauni. Analowera kumtunda, kumene madzi amachokera, poti kumeneko kokha n'kumene anali asanafikeko.