Tsamba Lobiriwira la a Golden

"Amayi, kodi kompyuta yatsopano imanunkha mphemvu?" anafunsa Elsa tsiku lina akusesa mushopu.

Mayi Yunesi anamukalipira mwanayo, ngakhale fungolo anali atalimva kale. Ntchito yawo pa Chinakanaka inali yotayipa makalata a anthu ofuna ntchito ku maesiteti a tiyi, ndipo magetsi akathima ankadalira batire limodzi la sola. Kompyutayo anaigula kwa alamu awo, a Golden, amene anawalozera chithunzi cha tsamba lobiriwira chomatidwa pambali pake.

"Zokhala ndi tsamba ili sizidya moto wambiri, mlamu," anatero a Golden. "N'chifukwa chake pachipata cholowera m'dziko muno sanandidule msonkho. Batire lanulo mukalamba nalo."

Mayiwa sanali munthu wofulumira kuweruza. Batire litayamba kutha dzuwa lisanafike paliwombo, anati mwina ndi mitambo ya m'phirimu. Litayamba kufufuma m'mbali ngati mkate, anangoti kaya. Koma tsiku la msika, anthu ali pamzere, zonse zinangoti zii kalata ya munthu ili pakati. Apo m'pamene anaitana a Ishmael, okonza mawailesi pakhomo loyandikana.

A Ishmael atamasula chivundikiro, mphemvu zinabalalika, zina n'kuwalowa m'malaya. M'katimo munali fumbi lokhalokha, mazira a mphemvu ndi manyi a makoswe. Anakanda tsamba lija ndi chikhadabo. Linamatuka mosavuta, ndipo kunsi kwake kunali phala louma la ufa wa chinangwa, lodyedwadyedwa.

"Ha! Akumatira phala? Ndiye mphemvu zilekerenji kubwera, poti aziphikira," anatero a Ishmael akudzikutumula. "Chimakina ichi n'chakalekale, amayi. Chimamwa moto ngati ayironi."

Mayi Yunesi anatuluka kukalavula m'ngalande. Ali komweko anakumbukira kuti Lamulungu lapitalo anaimirira pamaso pa amayi a kutchalitchi, n'kuwalimbikitsa kuti kompyuta ya ku ofesi ya mpingo akagule kwa a Golden omwewo.

"Batire ili likapsa, shopu ndatseka," anatero atabwerera.

"Ndikukokerani waya kuchokera ku batire langa mpaka mupeze pogwira," anatero a Ishmael. "Koma za chinyengochi, ku Boma sindikanena ndekha ayi. Aja ndi alamu anu, mawa mudzati ndakupasulirani banja."

Mayiwo anayang'ananso phala lija.

"Tikwera minibasi yoyamba ya ku Boma mawa, aneba. Chimakinachi ndisenza ndekha, ndi mphemvu zake zomwe."

"Osabwerera m'njira?"

"Ndalonjeza. Inu kokani wayayo."