Kabokosi Kanalowa M'chipinda

"Gogo, moto uli kuti?" Vimbai analowa pageti ali wefuwefu, foni ili m'manja.

Mayi Tionenji anaimika tsache. "Moto wanji m'mawa uno? Wathamanga kuchokera ku Machipisa kudzatilosera tsoka?"

Vimbai, mdzukulu wawo, ndiye anapachika kabokosi koyera pakhonde la nyumbayo. Kankayeza mpweya n'kumatumiza zomwe kapeza pa intaneti, anthu n'kumaona pafoni. Kubiriwira ndiye kuti zili bwino, kufiira ndiye zoopsa. Mayi Tionenji anakalandira ndi manja awiri. Amuna awo, bambo Albert, chifuwa chinali chitawatha, ndipo mayiwa anali atauza mzere wonse wa nyumba zawo kuti wolakwa ndi Jeremiah, neba wowotcha matayala kuseri. Ankangosowa umboni woti amuthamangitsire.

"Taonani, Gogo. Kuno ku Highfield konse kuli bwinoko, koma pathu pafiira psuu. Ngakhale ku mafakitale a ku Workington sikufika apa."

"Si ndinanena ine! Ndi Jeremiah ameneyo!"

Vimbai anayang'ana pakhonde. Panali msomali wokha. "Nanga kabokosi kali kuti?"

"Iwe, chinthu chodula chizigona panja, mbava zili ponseponse? Ndinakalowetsa kuchipinda kwa agogo ako aamuna."

Vimbai anakankha chitseko cha chipindacho. Mazenera anali otseka, m'mipata atatsekamo ziguduli. Kabokosi kanali pamwamba pa wadirobu. Pafupi ndi bedi panali mbaula, makala akunyekabe. Chiyambire kuzizira kwa Juni, mayi Tionenji ankaiyatsa okha n'kuiika pamenepo kuti amuna awo asazizidwe. Bambo Albert anali chigonere, m'chifuwa mukulira ngati pampu yobooka.

"Gogo," anatero Vimbai motsitsa mawu, "si Jeremiah ayi. Ndi utsi wa mbaulayi."

Mayi Tionenji anagwidwa ndi mantha. Anakhala pansi poteropo.

"Mayo ine! Ndiye kuti ndine? Ndikupha munthu ndi manja angawa?"

"Wakutsina khutu ndi mnansi, mayi, mverani mwanayo," anatero bambo Albert uku akutsokomola. "Mutu unkandiwawa tsiku lililonse. Koma ndikanati chiyani? Munkazizidwa panja inu, kundikolezera ine moto."

Mayi Tionenji anadzuka. Anatsegula mazenera onse, ananyamula mbaula ija osasamala kuti ikuwawotcha zala, n'kukaithira madzi panja.

"Vimbai, apezere jekete agogo ako. Tikupita kuchipatala."