Keziah Adayankha Mayeso a Mwamuna Wake

Tsiku limene Keziah Daka adalanda foni m'manja mwa mwamuna wake kuti amuyankhile mayeso a kuchipatala, ankati akumuchitila chifundo. Koma chifundo china chimalemaza munthu, ndipo ichi chinali chotelo.

A Vitalis Daka, amene kale ankaphunzitsa ku Msanzala, anali ndi matenda a maganizo aja okweza munthu n'kumugwetsa: mwezi uno salawa tulo, akulankhula osapuma, mwezi winawo safuna ngakhale kudzuka pamphasa. Mapilitsi adawakhazika mtima pansi, koma wowapatsa anali Keziah, m'mawa ndi madzulo, chifukwa bambowo adayamba kuiwalaiwala. Namwino wawo ku Petauke, amai Mumba, adawatumizila mayeso a pafoni oyesa mmene munthu akukumbukila zinthu. Zotsatila zake zinkapita kwa namwinoyo, ndipo adachenjeza kuti wodwala achite yekha, wina asaikepo chala.

Masana amenewo, ali pakhonde, foni idatchula mawu angapo n'kupempha kuti awabweleze. A Daka adangogwilapo awili. Keziah adaona thukuta likutsika pamphumi pa munthu amene kale ankasunga pamtima mayina a kalasi yathunthu, ndipo manyazi a mwamunayo adamuwawa ngati ake.

"Bweletsani kuno, atate ake Karen. Mwalembetsa ana a eni mayeso zaka zonsezi, lelo ikugwetseni foni?"

"Paja amai Mumba anati ndichite ndekha."

"Amai Mumba ali ndi maso m'foni muno?"

Panalinso chifukwa china chimene Keziah sadachitchule. Anzake anali ku Kacholola, akugulitsa nthochi kwa apaulendo a m'mabasi a ku Lusaka, pamene iye adamangika pakhomo chifukwa cha mapilitsi.

Amai Mumba ataona zotsatila adakondwa kwambili. Adauza banjalo kuti mutu wa a Daka wabwelela m'malo mwake, choncho angathe kumasunga ndi kumwa okha mankhwala. Keziah adawapatsila botolo m'manja, namanga chitenje, nakwela basi akuseka. Akulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sabata isanathe, Jessy wa nyumba yoyandikana adamuimbila foni. Adati wapeza a Daka ali gone pansi m'chipinda, atasanza, thupi lonse likunjenjemela, lilime litalemela. Keziah adasiya nthochi pamsewu osayang'ananso m'mbuyo.

Kuchipatala adapeza amai Mumba ataima pambali pa bedi, botolo lili m'manja. Linali lopanda kanthu. Mapilitsi a mwezi wathunthu anali atatha, pakuti bambowo ankamwa, n'kuiwala kuti amwa, n'kumwanso. Keziah adakhala pansi pasimenti.

"Amai Daka, ine mutu waima," adatelo namwinoyo. "Munthu wokhoza mayeso chonchija sangaiwale chimene wameza m'mawa womwewo. Ndikadaona kuti akulephela, botolo ili sindikadalola kuti likhale kwa iwo."

Amene adayankha ndi a Daka, pang'onopang'ono, akumwetulila ngati mphunzitsi wonyadila mwana wa sukulu.

"Mkazi wanga ndi wanzelu, amai. Sanaphonye ngakhale limodzi."

Amai Mumba adamuyang'ana Keziah. Sadamukalipile, ndipo kusakalipa kwawoko kudamupweteka kuposa chipongwe.

A Daka adapulumuka, koma impso zawo zidavulala, ndipo madokotala adawaletsa mankhwala amene adawayanja kwa zaka zambili. Dzanja lawo silidalekenso kunjenjemela. Keziah sadabwelelenso ku Kacholola. Kale ankangowapatsa mapilitsi. Tsopano amawagwililanso kapu ya madzi pakamwa.