Wosunga Nyumba ya Eni

Arnaldo anabwerera ku Zobue mu 1994, atakhala zaka zisanu ndi ziwiri pamsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Ankayembekeza kupeza bwinja. Koma anapeza nyumba yake ili chilili, denga lofoleredwa bwino, ndipo pakhonde panali mkulu wina wa mwendo umodzi akusoka mphasa.

Mkuluyo anali Bento wa ku Nkondezi. Mudzi wawo unatenthedwa pankhondo, ndipo pothawa anaponda bomba. Atachira anapeza nyumbayi ilibe munthu, nalowamo.

"Ndinkadziwa kuti eni ake adzabwera," anatero Bento, akudzuka ndi ndodo yake. "Lowani, bambo. Chitseko n'chomwe chija, ndinangochikhomanso."

Tsiku lomwelo anasamukira m'kanyumba kophikira, osachita kuuzidwa.

Masiku oyambawo Arnaldo ankangoyendayenda m'nyumbamo, kusisita makoma. Kumsasa ankagona m'chisakasa cha mapepala, momwe mnansi akatembenuka pamphasa unkamumva. Pano ankatseka chitseko masana dzuwa likuswa mtengo, n'kukhala yekha mkatimo, akumwetulira. Mkazi wake Gina ankatunga pachitsime cha kuseri kwa nyumba popanda mzere, popanda womukankha. Chakudya sichinalinso cholandira ndi khadi ngati kumsasa. Nkhwani ankangothyola pakhomo.

Bento anamutenga Arnaldo kumunda, namulozera malire.

"Kuchokera pachulu apo mpaka kumtsinje musapondeko. Mbuzi ziwiri zinaphulikira pamenepo. Kwinaku ndalima ndekha, chokwawa, palibe choopsa."

Chimanga cha Bentocho chinacha bwino. Anakolola onse atatu, n'kudzaza nkhokwe.

Nkhokwe itadzaza, Arnaldo anayamba kumva chifuwa cha mkuluyo. M'mawa uliwonse ankatsokomola, kenako ndodo, go, go, kudutsa pawindo.

"Zaka zonse zija ndinkamva zifuwa za anthu ena," anauza Gina. "Pano ndi panga."

"Nanga apita kuti, abambo? Alibe kwawo."

Arnaldo anakumbukira kuti Bento ankakonda kutchula mwana wake wamkazi, Esperança, amene anakwatiwa ndi wantchito wa kumgodi ku Moatize nkhondo isanafike poipa. Chichokereni Bento sanamvenso za iye.

Loweruka lina Arnaldo anachokera kuchipata cha malire akuoneka wokondwa.

"Bambo Bento, mwana wanu wapezeka. Amagulitsa nsomba pamsika ku Moatize. Akuti mupite."

Bento anakhala pansi.

"Ali ndi ana?"

"Atatu," anatero Arnaldo, osaphethira.

Mkuluyo anachapa malaya ake, namanga nkhuku imodzi ndi kathumba ka mtedza koti akapatse adzukulu. Gina anamuthandiza kumanga, maso ali pansi. Lolemba anamukweza pamwamba pa matumba m'galimoto ya Matias, woyendetsa wina amene ankanyamula mbatata kupita kumeneko. Pokwera Bento anagwira dzanja la Arnaldo ndi manja awiri, namuthokoza.

Patapita milungu itatu Matias anaima pakhomo. Anapeza Arnaldo pamthunzi, akudya mbatata yootcha.

"Mkulu uja akadali pamsika," anatero Matias. "Kutentha kwa kumene kuja mukukudziwa. Amagona pakhonde la sitolo, thupi lonse bii ndi fumbi la malasha. Mkazi aliyense wogulitsa nsomba wamufunsa kawirikawiri, mpaka ayamba kumuthamangitsa. Nkhuku ija anamubera. Akuti ndikufunseni amene anakuuzani, mwina iyeyo akudziwa nyumba yake."

Arnaldo anasenda mbatata ina pang'onopang'ono.

"Anali munthu wapaulendo. Dzina sindinamufunse."

Matias anamuyang'ana kwa kanthawi. Anakana mbatata imene anamupatsa, nakwera galimoto.

Gina anamva zonse ali pamtondo. Anaima, munsi uli m'manja, kenako anapitiriza kusinja chimanga chija.

Mwezi wotsatira Matias anadutsanso pamsika wa Moatize, koma Bento sanamuone. Amayi ansomba anati sakudziwa komwe analowera. Matias pobwerera sanaimenso kwa Arnaldo, ndipo a m'nyumbamo sanapite kukamufunsa.