Megafoni ya Agogo Guilhermina

Megafoni ya agogo inkasunga uthenga umodzi wokha. Inagwa mu chapa, minibasi zathu zija, chaka china, ndipo kuyambira pamenepo sinkalola kuti munthu alankhuliremo pompopompo. Unkayenera kudina kabatani kofiira, kunena mawu ako, kenako n'kuyenda nayo ikubwereza yokha. Ukajambula atsopano, akale ankafufutika.

Agogo anga a Guilhermina anali shefi wa kwarterau yathu ku Matundo, ngati nyakwawa ya m'tauni. Nkhani iliyonse ya boma, ya madzi, ya maliro, inkafika m'makomo kudzera pakamwa pawo. Malipiro panalibe. Anatsika kuchokera ku Tsangano ali mtsikana, ndi matumba a mbatata, ndipo anandilera mayi anga atamwalira. Mbatata yomweyo ndi imene inanditumiza ku fakulidade, sukulu ya ukachenjede, ku Beira. Ndinabwerako ndisanamalize, chimanjamanja. Sanandikalipire. Anthu akafunsa ankati, "Ilídio akupuma kaye." Ndinapumadi, miyezi yambiri, m'nyumba, kuopa maso a anthu amene anandiperekeza ndi nkhuku ponyamuka.

Anamwalira Lachitatu masana atakhala pampando pansi pa msawu, nsapato imodzi atavula. Anali atangofika kuchokera kozungulira. Megafoni inali pamiyendo.

A Castigo, sekretaryo wa bairo, dera lathu lonse, anafika pa njinga yamoto thupi titalilowetsa m'nyumba.

"Pepa mwana wanga," anatero. "Koma anthu amve. Ukudziwa kuti kuno sabwera asanaitanidwe."

Ankanena zoona. Ku Tsangano kulira kokha kumasonkhanitsa mudzi. Kuno ndife osakanikirana, Anyungwe, a ku Angónia, anyamata a migodi ya Moatize ochokera kutali. Munthu salowa pakhomo la mnzake chifukwa wamva phokoso. Amadikira megafoni.

"Jambula iweyo," anatero a Castigo. "Mawu anga akawamva amatseka zitseko, amaganiza kuti ndi za msonkho."

Ndinaitenga. Chala chinapita pa kabatani kena, ndipo agogo analankhula.

"Azimayi, bom dia. Loweruka kuli katemera wa ana pasukulu. Bwerani dzuwa lisanakwiye. Iwe Aurélio, mwana wako usamubisenso kuseri kwa matumba a makala, ndikudziwa." Anatsokomola. "Ilídio, kamazimitsidwa bwanji aka?"

Kenako mawu anga, chapatali, otopa nawo: "Dinani pomwepo, agogo. Ndakuuzani kangati?"

Tsiku lonse anayenda nawo mawu amenewo m'bairo, osachita nane manyazi.

"Fufuta," anatero a Castigo motsitsa mawu. "Nthawi ikupita, kutentha kuno ukukudziwa."

Sindinafufute. Ndinaikoleka paphewa n'kutuluka momwemo, ikubwerezabe za katemera.

Woyamba kutuluka anali mayi Josefina, ogulitsa nsomba zouma, beseni lili m'manja, akuseka asanaone munthu.

"Mama shefi, tamva kale m'mawa. Mukufuna atibaye ndi ife omwe?"

Anandiona. Anayang'ana megafoni, nayang'ana kumbuyo kwanga ngati pali amene akubwera pang'onopang'ono. Anaika beseni pansi, namanga bwino kapulana m'chiuno, nayamba kunditsata.

Zinatero khomo ndi khomo. A Aurélio anali pa makala awo, ataimika dzanja kuti ayankhe chipongwe monga ankachitira, kenako dzanjalo linangovula chipewa. Anyamata achisilamu a nyumba ya pakona, amene agogo anawaikira maliro a mnzawo wopanda abale chaka chatha, anasiya chakudya chawo n'kutitsata. Ndinadutsa njira zonse zimene ndinkazithawa, mpaka pomwe ponti, mlatho waukulu uja, imaonekera, ndipo palibe amene anandifunsa za Beira. Pobwerera sindinkamvanso megafoni chifukwa cha kulira kwa azimayi.

Tinawaika Lachisanu. A boma anabwera ndi nkhata ya maluwa apulasitiki, ndipo amene analankhula anawerenga dzina lawo molakwika.

Lolemba a Castigo anabweranso. Anakhala pampando wa pansi pa msawu, ine n'kuwaleka.

"Mawa madzi atsekedwa mpaka madzulo. Anthu atunge lero." Anayang'ana pakhomo. "Ndabwerera chipangizo chija."

"Bambo, ndisiyireni. Gulani ina."

"Ndi ya bairo, Ilídio. Iyi tinaipempha zaka zingati? Agogo ako ankagula okha mapilya, mabatire ake, iwe ukuti tigule ina."

"Muli mawu awo."

"Ndikudziwa. Inenso ndinakula akundikalipira." Anapukuta thukuta. "Ndikaitenga ndipatsa mlamu wanga, ajambula lero lomwe. Ukaisunga iwe, uyenda nayo iwe. Koma za madzi zilengezedwe. Mulimonsemo, mauthenga awiri sakwanamo."

Mayi Josefina anandibwereka telefoni yawo kuti ndisungiremo mawuwo. Tinayesa. Zimene zinatuluka zinali ngati ntchentche m'chitini, ndi galu wa a Aurélio akuuwa pamwamba pake.

"Si iwo awa," anatero mayi Josefina. Anaitenga telefoni yawo n'kupita.

Ndinaganiza za mlamu wa a Castigo, munthu wamowa uja, akudina kabatani kofiira ali pa baraka pomwera mowa, osamvetsera n'komwe zimene akufufuta. Ndinauza a Castigo kuti adikire panja.

M'chipinda mwawo munkanunkhabe mafuta opaka m'mawondo. Ndinakhala pamphasa n'kumvetsera. Katemera, dzuwa, makala, chifuwa. Atafunsa mmene kamazimitsidwira, ndinawayankha mokweza, mwaulemu, kuti ndiphimbe mnyamata uja wa mkatimo.

"Perekani kuno agogo, ndikuzimitsireni."

Ndinadina kofiira. Pakamwa panakana. Kanajambula mpweya wanga wokha kwa nthawi, kenako ndinanena za madzi. Sindinajambulenso.

Madzulo amenewo ndinayenda nayo. Uthenga uliwonse usanayambe pankakhala bata lija, ndipo anthu ankatuluka ndi zigubu zawo n'kuima, akudikira kuti ndilankhule.